Unyolo wa kwa Mainess

Mukafika ku Bundabunda n'kufunsa za Mainess, kapena Bamake Justina monga timamuitanira, akulozerani nyumba yokhala ndi mtengo wa msuku pabwalo. Mtengowo muuyang'ane bwino m'munsi. Uli ndi chipsera chozungulira thunthu lonse, pamene khungwa linadyeka osameranso. Unadya pamenepo ndi unyolo. Zaka zinayi mlongo wake Jethro anakhala womangidwa pamtengo umenewo, ndipo moyo wonse wa Mainess wathera pa chinthu chimodzi, kuti unyolowo usabwererenso pamwendo pa Jethro.

Ine ndine Selestina, Bamake Clarissa. Minda yathu inagundana malire, tinabatizidwa tsiku limodzi, ndipo takanganapo za nkhuku kosawerengeka. Choncho zimene ndikunenazi si zakumva kwa anthu. Nkhaniyi yanditopetsa, koma ndiinena, pakuti inenso ndilimo.

Mainess anasiya sukulu ali giredi seveni. Mutu anali nawo, kuposa enafe, koma atate ake anaona kuti chimanga cha chaka chimodzi sichingaphunzitse ana awiri, ndiye anasankha wamwamuna. Ngati Mainess anadandaula, anadandaulira mumtima. Anaotcha makala, anagulitsa masuku m'mbali mwa msewu waukulu, Jethro n'kumakwera makalasi mpaka kukalowa ku Chalimbana kukaphunzira uphunzitsi. Tsiku limene ankapita, Mainess ndiye anasenza sutikesi mpaka pokwerera basi. Mukanamuona mayendedwe ake, mukanati wopita ku koleji ndi iyeyo.

Chaka chachiwiri anzake anamubweretsa kumudzi. Anali atasiya kugona, akukambirana ndi anthu amene ife sitinkawaona, akuti wailesi ikumutchula dzina. Banja linayesa zimene mabanja amayesa. Asing'anga anadya mbuzi, aneneri anabwera ndi mabotolo awo a madzi, khola linatsala pululu, Jethro ali chimodzimodzi. Ndiye tsiku lina anathawira kumsewu waukulu n'kuima pakati, manja ali m'mwamba, akuimitsa mathiraki. Madzulo ake atate ake anamasula unyolo wa pulawo, uja umachoka pagoli la ng'ombe, n'kumumanga pamsuku. Mkuluyo sindimuweruza. Ndinalipo, ankamanga akulira.

Pa nthawiyo Mainess anali pabanja m'mudzi wina wapafupi. Tsiku ndi tsiku ankayenda kudzamudyetsa Jethro, kumusambitsa, kumuchotsera zoipa, popeza ena onse ankamuopa. Mwamuna wake anamuuza kuti asankhe, banja kapena wofunta. Mainess sanasankhe ndi pakamwa, anangopitiriza kubwera, ndipo mwamunayo anapita ku Lusaka n'kukapeza wina wopanda mlongo. Makolo atamwalira motsatizana, Mainess anabwerera pakhomo paja ndi mwana wake Justina kumsana, n'kulandira zonse, munda, pulawo, msuku ndi munthu womangidwapo.

Amene anamasula Jethro ndi Ba Chileshe. Anali bambo wamfupi wa chikwama chakuda, wa boma, woona za matenda a maganizo. Ankakana kuti iwo si dokotala, koma kwa ife aliyense wogwira nyeleti ndi dokotala basi. Nyeleti ndiye jekeseni, kwa inu amene simuli a kuno. Kabweredwe kawo kokha kankakuuzani mmene matendawa amaonedwera kumwambako. Malungo ali ndi motoka yawo. Za ana zili ndi yake. Za kachilombo zili ndi ziwiri, zolembedwa m'mbali. Koma matenda a mutu analibe ngakhale njinga. Ba Chileshe ankachita kupempha malo m'motoka ya sikelo ya ana, Lachinayi loyamba la mwezi, n'kukhala kumbuyo, bokosi la katemera lili pamiyendo. Pakiliniki chipinda analibe. Ankaika benchi kuseri, pansi pa thanki ya madzi, ndipo ife tinkakonda zimenezo, chifukwa kuseriko kuli kanjira kolowera munthu osaonedwa.

Nyeleti imodzi pamwezi, yomweyo. Itakwana yachitatu, Jethro anapempha sopo ndi lezala. Mainess anamasula unyolo, kuutsuka, n'kukaukoleka papulawo pamene unachoka. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri unakhala pamenepo ukugwira ntchito yake yeniyeni. Jethro ankalima, anatsegula dimba kumtsinje la repu ndi tomato, ndipo nthawi zina ankawerenga mawu kutchalitchi, pang'onopang'ono. Anthu anaiwala, kapena anachita ngati aiwala, zimene kuno n'chimodzimodzi.

Tsono chaka chatha, mwezi wa Juni, Ba Chileshe anatisonkhanitsa pansi pa thanki paja, ife osamalira odwala.

"Kuzabwela bantu bolemba, nyumba na nyumba," anatero. "Mukambe zoona, napapata. Ndalama ku boma zikonka nambala. Nambala ikankala ing'ono, na mankwala yazankala yang'ono."

Tonse tinagwedeza mitu. Kugwedeza mutu ndiye timakudziwa ife.

Wolembayo anafika kwa Mainess Loweruka lina mu Julaye, ndipo sakanasankha tsiku loipa kuposa limenelo. Justina anali atapeza mnyamata wa ku Palabana, wogwira ntchito ya mkaka, ndipo tsikulo banja la mnyamatayo linatuma Ba Norbert, bashibukombe awo, munthu woyenda pakati pa mabanja awiri pankhani ya ukwati. Mudziwe kuti kuno banja likafuna mkazi limafufuza zinthu zitatu, ufiti, kuba ndi misala. Ziwiri zoyambazo amakhululuka mukakambirana bwino. Choncho Mainess anamudzutsa Jethro mmamawa, kumumangira mbatata m'kansalu, n'kumuuza kuti apite kudimba ndipo asabwere mpaka dzuwa lilowe. Jethro sanafunse chifukwa. Anatenga khasu n'kupita.

Ine ndinaliko, ndinaitanidwa kudzathandiza kuphika. Ba Norbert anali pampando, mbale ziwiri zovundikirana zofunsira mbeta zili pamphasa monga mwa mwambo, nkhani ikuyenda bwinobwino. Pamenepo n'kutulukira mayi wina wovala chikoti cha ntchito, atanyamula chifoni chachikulu cholembera. Anamupatsa mpando. Anafunsa za chimbudzi, za madzi akumwa, za maneti. Kenako, osatsitsa ndi mawu omwe, anafunsa kuti, "Pali muntu pano wamene adwala matenda ya maganizo, olo kunyu?"

Ba Norbert anadzutsa mutu. Justina anali pakhomo la khitchini, mthiko uli m'manja. Mainess anayang'ana mbale zija, n'kuyang'ana mwana wake.

"Awe, pano tonse tili chabe bwino," anatero. "Mulungu atisunga."

Mayi uja anagunda galasi ndi chala kamodzi, n'kutsanzika.

Musafulumire kumuweruza Mainess. Madzulo a tsiku lomwelo mayiyo anafika kwanga. Kwanga kunalibe alendo, kunalibe mbale pamphasa, panalibe chondiwiringulitsa. Mwana wanga Clarissa amagwa khunyu kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mapiritsi ake tinkalandira kwa Ba Chileshe omwewo. Koma ndi mtsikana, tsiku lina adzafuna banja, ndipo ndinaganiza kuti zolembedwa m'chifoni ndani akudziwa kumene zimakathera. Ndinati kulibe. Ndinanama ndi pakamwa pangapa, Clarissa ali m'nyumba akumva. Ndinkayesa kuti ndine ndekha wochenjera, kuti ena onse anena zoona ndipo dzina limodzi silingasowe. Kani mudzi wonse unali wochenjera chimodzimodzi.

Miyezi inapita, ife n'kuiwala. Chaka chino, Lachinayi loyamba la Febuluwale, motoka ya sikelo inabwera monga mwa masiku onse. Pampando wakumbuyo panali mitolo ya maneti. Tinadikira pansi pa thanki mpaka dzuwa kupendeka, anthu oposa makumi atatu, osayang'anana kumaso. Malichi chimodzimodzi. Anamwino a pakiliniki anati iwo za mutu sazidziwa, tikafunse ku boma.

Tinapita, ine ndi Mainess, pa minibasi. Ba Chileshe tinawapeza m'kachipinda kakang'ono kumapeto kwa khonde la chipatala, anthu ali pamzere mpaka panja. Atationa anatseka chitseko n'kutiikira zinthu ziwiri patebulo. China chinali buku lawo lakale, lopindika m'makona, mmene munali mayina a odwala a kwathu makumi anayi ndi asanu ndi limodzi. China chinali pepala la ku ofesi. Pamzere wa dera lathu panalembedwa kuti asanu.

"Ninakangana nabo," anatero. "Baniuza ati buku yanga ni ya pamanja, koma bantu beka banakana pa nyumba zabo. Manje muntu angapishe mafuta kukaona bantu basanu? Malo mu motoka banapasa benangu. Na mankwala yamene banatuma ni ya bantu basanu. Yanasila kale."

Anatiyang'ana wina ndi wina. "Na imwe, Bamake Justina?"

Mainess anayang'ana pansi. Ine ndinayang'ana kalendala. Ndikanakonda akanatikalipira, koma anangodzipukuta kumaso ndi manja onse awiri, munthu wotopa ngati ife tomwe. Anatsegula dirowa, kutipatsa timapiritsi ta milungu iwiri, n'kulemba kapepala kokagulira nyeleti ku Lusaka. Mainess anapitako mlungu wotsatira. Mtengo wake anangoumva n'kutuluka. Koma tisanachoke tsiku lija, Ba Chileshe anatiuza njira imodzi yotsala. Tikatolere mayina a odwala onse, nambala za mareji awo, ziphaso za boma zija, ndi zidindo za zala, eni ake atavomera poyera, ndipo iwo akakankha kumwambako.

Mainess anagula kope tisanakwere basi. Koma kopelo linakhala milungu iwiri losalembedwa. Sungapemphe anzako kuti avule iwe utavala. Dzina loyamba linayenera kukhala la Jethro, ndipo ukwati wa Justina unali utaikidwa mu Ogasiti, tikatha kukolola. Justina anagwada pamaso pa mayi ake, ine ndikuona.

"Amai, lindilani chabe ukwati upite. Ni myezi isanu chabe."

"Amalume bako bayamba kale kusagona," anatero Mainess. "Myezi isanu bazankala pa mutengo."

"Nanga ine?"

Mainess anatenga kope lija n'kuliika m'chikwama chake cha kutchalitchi.

Lamlungu lotsatira, nthawi ya zilengezo, Mainess anaimirira m'tchalitchi. Munthu amene sanalankhulepo pagulu chibadwire. Ananena kuti mlongo wake Jethro amadwala matenda a mutu, kuti wakhala bwino zaka zonsezi chifukwa cha nyeleti ya boma, ndi kuti iye anamubisa kwa wolemba chifukwa cha manyazi. Anati akudziwa kuti sanabise yekha. Anakweza kope lija n'kukhala pansi. Jethro anali pabenchi ya amuna, akuyang'ana zikhato zake. Ine ndinalemba dzina lachiwiri pakhomo la tchalitchi, ndipo sindinena kuti kunali kulimba mtima, anali manyazi.

Nkhani inafika ku Palabana Lachitatu lisanakwane. Ba Norbert anabwera mwaulemu wonse, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti banja likufuna liganizepo kaye. Popita anapempha mbale zawo. Aliyense kuno amadziwa tanthauzo la mbale zikabwerera. Patangopita mlungu, Justina analongedza n'kupita ku Lusaka kukagwira ntchito ya m'nyumba. Foni ya mayi ake sayankha. Yanga amayankha, n'kufunsa za nkhuku, za mvula, za aliyense kupatula anthu awiri.

Epulo ndi Meyi yense Mainess anayenda ndi kope lija, pansi ndi panjinga yobwereka, uku chimanga chake chikudyedwa ndi chiswe m'munda. Ena anamulandira. Ena anamuuza kuti iye waononga kale ukwati wa mwana wake, asabwere kudzaononga ya anzake. Pakhomo pena anamutsegulira agalu, munthu womangidwa akumveka kukuwa kuseri kwa nkhokwe. Akulu amati ukabisa matenda maliro adzakuulula, ndipo mwambiwo aliyense amaudziwa, koma amaunenera mnzake. Pomaliza anapeza mayina makumi atatu ndi asanu ndi atatu, lililonse ndi chidindo chake cha chala.

Tinakapereka mu Juni. Ba Chileshe analandira kopelo ndi manja awiri, ndipo ndikhulupirira kuti anakankhadi. Yankho linabwera patapita milungu itatu. Mayina alandiridwa, ntchito yathu yayamikiridwa, koma bajeti ya chaka chino inagawidwa kale. Adzaona pogawa ya chaka chamawa. Chaka chamawa, abale anga. Munthu wofunika nyeleti mwezi ndi mwezi mukumuuza za chaka chamawa. Ndinakwiya mpaka kulephera kudya, koma wokwiyira ndinamusowa, chifukwa ndikatsata mkwiyowo bwinobwino unkandifikitsa pakhomo panga.

Tsiku limene tinamva yankholo, Mainess anapita kupulawo, kumasula unyolo, n'kubwera nawo kwanga atauika m'thumba la feteleza.

"Bamake Clarissa, sunga ichi," anatero. "Olo nibwele nilila, olo nikutukane, usanipase. Lumbila."

Ndinalumbira. Ndinaukankhira pansi pa bedi.

Miyezi yotsatirayo sindikonda kuikumbukira. Clarissa wanga wagwa kanayi, koma mapiritsi ake amapezeka mwa apo ndi apo, ndikagulitsa nkhuku ndimagula. Za Jethro zinalibe pogwira. Anayamba ndi kusagona. Kenako dimba linauma, repu n'kuchita maluwa. Kenako anayamba kuyenda. Akadzuka amalunjika kumsewu waukulu, ndipo Mainess amamutsatira pambuyo, makilomita onsewo, kumugwira malaya, kumunyengerera, kumubweza. Akafika kunyumba, Jethro amakhala pang'ono n'kunyamukanso. Mainess anasiya kugona pamphasa, ankakhala chotsamira chitseko kuti chikatseguka amve. Miyendo inatupa. Chitenje chinayamba kumuzungulira kawiri. Ine ndi amayi ena a kutchalitchi tinkasinthana kukamukhalira masana kuti atsinzineko, koma Jethro akayamba kuyenda samvera wina koma mlongo wake.

Mu Seputembala ndinamuona Mainess ali ndi bala pamwamba pa diso. Anati chinamugunda ndi chitseko. Ndinati, "Chitseko cha zala zingati?" Sanaseke. Mawa lake anabwera kwanga n'kuima pakhomo, osalowa, maso ali kuchipinda kwanga. Ndinadziwa chimene wabwerera, iyenso anadziwa kuti ndadziwa. Ndinamuwiritsira tiyi. Anamwa ali chiimire n'kubwerera osatchula kanthu.

Mlungu wathawu, mmawa, ndikusesa pabwalo, ndinamva odi. Anali Jethro. Ananjuta patali pang'ono n'kuomba m'manja, monga amachitira munthu wodzabwereka khasu. Maso anali ofiira, milomo yong'aluka, koma mawu anali akeake. Matendawa amatero, nthawi zina amamusiyira munthu mmawa umodzi.

"Bamake Clarissa, nabwela kutenga tcheni yatu."

"Ba sisi bako ndiye bakutuma?"

"Awe. Bagona. Benze kusankha nyemba, bagwela pamene apo." Anadzigwira pamwamba pa diso. "Chija chilonda cha pa liso bakamba ati ni chitseko. Ine niziba ni ine. Sinikumbuka, koma niziba."

Ndinamuuza kuti ndinalumbira.

"Ninabalondola siku ija, ninamvela pamene munalumbila," anatero. "Banakamba kuti musabapase beve. Za ine sibanakambe. Nipaseni manje pamene mutu ukali wanga. Mazulo siniziba kuti nizankala ndani."

Ndinaima pamenepo ndi tsache m'manja nthawi yaitali. Ndinaganiza za miyendo yotupa ija, za mathiraki a pamsewu, za mayi wa chifoni amene ndinamuuza kuti kulibe. Kenako ndinalowa m'nyumba n'kukoka thumba lija. Kaya ndinalakwa kaya ndinachita bwino, mudzaweruza ndinu, ine mphamvu yoweruza inandithera.

Jethro anatulutsa unyolo n'kuukoleka paphewa, mmene ankachitira popita kukalima. Ndinamutsatira pambuyo. Atafika pamsuku anauzunguliza pachipsera chakale chija, unakwana bwinobwino, n'kukhala pansi. Mbali inayo anaikulunga pamwendo pake, napinda waya ndi pulayala ya njinga imene anatulutsa m'thumba, kenako pulayalayo anaiponyera kutali, kumene sangafike.

Kulira kwa unyolo ndiko kunamudzutsa Mainess. Anatuluka nyemba zitamumatirira patsaya. Anayang'ana mtengo, kenako anayang'ana ine. Ndinadikira kuti anditukwane, ndipo ndikanalandira. Anamasula chitenje chapamwamba, kuching'amba ndi mano, kugwada, n'kunyamula phazi la mlongo wake kuliika pamiyendo pake. Anayamba kulowetsa nsaluyo pakati pa chitsulo ndi khungu, pang'onopang'ono, mozungulira, kuti pasadzatupe ngati kale. Manja ake anali asanaiwale kachitidwe kake.

"Yendani mukagone, ba sisi," anatero Jethro. "Sinizayenda kulikonse."

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti anapitadi. Munthu amene anataya sukulu chifukwa cha Jethro, n'kutayanso banja ndi mwana wake yemwe kuti unyolowo usabwerere, anadzuka, kulowa m'nyumba, n'kugona. Anagona mpaka dzuwa linapendeka, ine ndili pampando pafupi ndi Jethro, ndikuingitsa nkhuku kuti zisamudzutse.